Amuna anga abwera mwadzidzidzi kuchokera ku Joni, ine sindikulera: kodi ndachedwa?

Funso

Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala cha ku Makwasa m'boma la Thyolo ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti. Amuna anga amagwira ntchito ku Joni. Atapita ndinasiya kubayitsa jakisoni, poopa kuti achibale awo akamva aziti ndikuyenda ndi amuna ena. Loweruka lapitali anangotulukira osanena, ndipo usiku womwewo tinakhala malo amodzi popanda kondomu. Mwana wathu ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, akuyamwabe, koma kumwezi ndinayambiranso kupita. Sindikufuna kutumbiza. Mnzanga wandiuza kuti kuli mapiritsi omwa zinthu zitachitika kale, koma wina akuti kumeneko n'kuchotsa mimba, ndipo amaumitsa chiberekero. Lero ndi Lolemba. Kodi ndachedwa? Nanga ndikawapeza kuti?

Yankho

Mayi, simunachedwe, koma nkhaniyi musagone nayonso usiku wina. Ngati dzuwa lisanalowe, pemphani akapitawo akuloleni, berekani mwana, tengani buku lanu la kuchipatala, nyamukani. Zonse zomwe ndalemba m'munsimu mukhoza kuwerenga muli pa mzere.

Tiwerenge nthawi kaye. Mapiritsi olera apangozi amene amapezeka kwambiri kuno kwathu amagwira bwino ntchito akamwedwa pasanathe maola 72, omwe ndi masiku atatu. Kwa inu, kuwerenga kuyambira Loweruka usiku, malire amenewo ndi Lachiwiri usiku. Kupitirira apo akhoza kuthandizabe mpaka maola 120, ndiye kuti Lachinayi usiku, koma mwayi umakhala ukucheperachepera. Musamve ngati ndakupatsani masiku oti mudikire. Lero laposa mawa, ndipo chifukwa chake chili m'mene mankhwalawa amagwirira ntchito. Chifukwa chomwecho ndicho chikuyankhanso mantha anu aja.

Mayi satenga pathupi usiku womwewo umene wagona ndi mwamuna, monga ambiri amaganizira. Mbewu ya abambo ikalowa imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mayi mpaka masiku asanu, ikudikira dzira. Dzira limatuluka kamodzi pamwezi, ndipo likatuluka limangokhala pafupifupi tsiku limodzi. Ziwirizi zikakumana, pamatenganso masiku angapo kuti dziralo liyende n'kukakhazikika m'chiberekero. Ntchito ya mapiritsi apangozi n'kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke mpaka mbewu ija itafa. Zili ngati alendo afika pakhomo n'kupeza mwininyumba kulibe: adikira, adikira, mapeto ake abwerera osaonana naye. Koma akampeza ali pakhonde, palibenso chowaletsa kuonana. N'chifukwa chake ndikukufulumizitsani. Dzira likatuluka inu musanamwe, mapiritsiwa sathandizanso, ndipo palibe mayi amene angadziwe motsimikiza tsiku limene dzira lake lituluke, makamaka amene akuyamwitsa, poti msambo wake umasinthasintha.

Tsono kuchotsa mimba kuli pati apa? Palibe. Mimba ikakhala kuti yakhazikika kale, mapiritsiwa saichotsa, saigwedeza, ndipo sapundula mwana ali m'mimbamo. Ndikudziwa kuti funso limeneli si lachibwana kwa munthu wopemphera, ndipo sindikulipeputsa. Amayi ambiri amafika pakhomo pa chipinda cha zakulera n'kubwerera chifukwa cha funso lomweli, kenaka tidzaonana patapita miyezi iwiri ali ndi pathupi pomwe sanafune, mwana wina ali kumsana. Mukamwa mapiritsiwa mwalera, monga momwe munkalerera ndi jakisoni. Kusiyana kwake n'kwakuti uku mwalera mochedwa, mothamanga.

Za kuumitsa chiberekero nazonso si zoona. Mankhwalawa amatha m'thupi pa masiku ochepa chabe, ndipo mphamvu yobereka imakhala pomwepo. Kunena zoona, vuto lake ndi losiyana ndi lomwe anthu amaopa: amatha msanga moti mukhoza kutenga pathupi sabata yomweyo mutamwa. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi chifukwa ikukukhudzani kwambiri.

Mankhwala ake ndi levonorgestrel, omwenso ali m'mapiritsi ena olera a tsiku ndi tsiku ndi mu Jadelle, njira yolera yoikidwa pamkono. Mulingo wake ndi mamiligalamu 1.5. Mapakete ena amakhala ndi piritsi limodzi, ena awiri a 0.75, monga Postinor-2 amene ambiri anamvapo. Akakupatsani awiri, imwani onse nthawi imodzi. Simukusowa kudikira maola 12 monga zinalembedwera pa mapepala ena akale. Akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amafotokoza mphamvu yake motere: amayi 100 atagonana kamodzi mosadziteteza m'sabata yachiwiri kapena yachitatu ya mwezi wawo, pafupifupi 8 angatenge pathupi; koma onse 100 atamwa levonorgestrel, angatenge ndi mmodzi. Mmodziyo tisamuiwale. Mapiritsiwa amachepetsa chiopsezo kwambiri, koma sachithetseratu. Kulinso mtundu wina wotchedwa ulipristal, umene umagwirabe bwino tsiku lachinayi ndi lachisanu, koma supezekapezeka kuno, ndipo kwa mayi woyamwitsa levonorgestrel ndiye wosavuta.

Pa kuyamwitsa musadandaule. Imwani, pitirizani kuyamwitsa. Mkaka suonongeka ndipo mwana sadwala nazo. Koma kuyamwitsako pakokha sikukukutetezaninso. Kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi asanayambirenso kusamba. Wanu ali ndi miyezi 14, akudya phala ndi nsima, ndipo kumwezi munabwerera. Zitatu zonsezo zinatha kale. Ndipo maganizo anu osafuna kutumbiza ndi olondola: alangizi amati mayi adikire zaka ziwiri chiberekereni asanatengenso pathupi, kuti thupi libwerere ndi kuti mwana wam'manja akhwime.

Mutamwa mukhoza kumva mseru, mutu, chizungulire pang'ono, kutopa, kapena mawere kuwawa. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Kudya kanthu musanamwe kumathandiza ena. Mukasanza pasanathe maola awiri, ndiye kuti mankhwala atuluka, bwererani mukamwe ena. Mukasanza patapita nthawi yoposa apo, alowa kale m'magazi.

Pali chinthu chimene simunatchule koma namwino ayenera kuchidziwa: mankhwala ena amene mwina mukumwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu a rifampicin, mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin, komanso ma ARV okhala ndi efavirenz, aja ankatchedwa 5A, amachititsa kuti chiwindi chiphwanye levonorgestrel mofulumira, motero mphamvu yake imachepa. Zikatero namwino akhoza kukupatsani mulingo wowirikiza kawiri kapena kukulangizani lupu, njira yolera yoikidwa m'chiberekero. Ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, a 13A okhala ndi dolutegravir, alibe vuto limeneli. Amayi onenepa kwambiri nawonso mapiritsiwa akhoza kuwagwirira ntchito mochepera. N'chifukwa chake ndati mutenge buku la kuchipatala, ndipo ngati pali botolo la mankhwala kunyumba, liikeni m'chikwama.

Nthawi zina mumafika n'kuuzidwa kuti mapiritsi apangozi atha. Zimachitika, koma musabwerere chimanjamanja. Mapiritsi olera wamba akhoza kulowa m'malo. A Microgynon mumamwa anayi tsopano, anayi ena pakatha maola 12, kuchokera pa 21 oyamba aja, osati 7 a mtundu wina a kumapeto kwa pakete amene mulibe mankhwala olera. Njira iyi imabweretsa mseru kwambiri ndipo mphamvu yake ndi yocheperako: pa amayi 100 aja, awiri angatenge pathupi. A Microlut, amene amapatsidwa kwa amayi oyamwitsa, ali ndi levonorgestrel yemweyo koma wochepa kwambiri pa piritsi lililonse, moti kuti mulingo ukwane pamafunika mapiritsi 50 nthawi imodzi. Amayi amatuzula maso akaona namwino akuswa mapakete awiri n'kuunjika timapiritsi m'chikhatho, koma ndi momwemo, ndipo si zoopsa. Kuwerengako musiyireni namwino, musachite nokha ndi pakete yobwereka kwa mnzanu.

Tsopano za lupu, imene ine ndikanakonda mutaiganizira mofatsa. Anthu ambiri sadziwa kuti lupu ya kopa ndiyo njira yapangozi yamphamvu kuposa zonse. Ikaikidwa pasanathe masiku asanu imateteza amayi oposa 99 pa 100 alionse, ndipo tsiku lachisanu imagwira ntchito mofanana ndi loyamba. Ndi kapulasitiki kakang'ono kooneka ngati chilembo T, kokulungidwa ndi waya wa kopa, kokhala ndi tizingwe tiwiri kumunsi. Namwino wophunzitsidwa amakaika m'chiberekero pa mphindi zochepa, inu muli maso. Mumamva kupotokola ngati kwa msambo, kenaka kumatha. Kopayo amafooketsa mbewu ya abambo kuti isakumane ndi dzira. Poti mwafunsa za chikumbumtima, ndikuuzeni zonse: lupu imathanso kulepheretsa dzira kukhazikika m'chiberekero. Mimba yokhazikika kale siichotsa, ndipo siikidwa kwa mayi woyembekezera. Mulingalire nokha pamenepo.

Ubwino wake kwa munthu ngati inu ndi woti mukaikitsa mwathana nazo. Imakhala zaka 10 kapena kuposerapo, ilibe mahomoni, siisokonezana ndi ma ARV kapena mankhwala a TB, siikhudza mkaka, ndipo tsiku limene mudzafune mwana wina mudzangokachotsetsa. Simuonekanso pa mzere wa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Kuipa kwake n'kwakuti miyezi yoyambirira msambo umatha kuchuluka ndi kupweteka, ndipo ngati muli ndi zizindikiro za matenda opatsirana pogonana, monga chikazi chonunkha kapena kupweteka m'chinena, namwino ayenera kuona zimenezo kaye. Vuto lina ndi loti si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi munthu woika lupu tsiku lililonse. Ndiye chitani chonchi: imwani mapiritsi lero kumene mungawapeze, ndipo ngati mtima wakhazikika pa lupu, pitani kukaikitsa Lachinayi lisanathe. Kuchita zonse ziwiri si kulakwa.

Kopita ndi uku. Yambani ndi chapafupi: kiliniki ya pa esiteti ngati ilipo, kapena chipatala chaching'ono cha boma cha m'dera lanu. M'zipatala za boma njira zakulera ndi zaulere, kuphatikizapo zapangozi. Chipatala chachikulu cha boma chili pa Thyolo boma, ndipo kumeneko n'kumene mungapeze oika lupu mosavuta. Pafupi nanu pali Malamulo, chipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist; m'zipatala za mipingo chithandizo china chimalipiridwa, choncho funsani mtengo pofika. Amene ali mbali ya Mulanje ali ndi chipatala cha boma pa boma ndi cha Mulanje Mission cha CCAP. Zipatala za Akatolika kawirikawiri sizipereka njira zimenezi, ndiye musaonongere ndalama ya kabaza kumeneko pa nkhani iyi yokha. A Banja La Mtsogolo ntchito yawo yaikulu ndi yomweyi ya kulera. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, yemwe uja amakweza ana sikelo, ngati alibe mapiritsiwa adziwa kumene ali. Mukhozanso kuimba foni ku Chipatala cha pa Foni, mwaulere, n'kulankhula ndi wazaumoyo.

Mukafika musazungulire. Nenani kuti, "Ndikufuna mapiritsi olera apangozi, zinachitika Loweruka usiku." Mawu amenewo akwana. Simukusowa kalata ya amuna anu, simukusowa kupimidwa kumaliseche, ndipo simukusowa kuyezetsa mimba kuti mulandire mapiritsi. Wina akakuuzani kuti lero si tsiku la zakulera, mubwere Lachisanu, muuzeni mwaulemu kuti iyi ndi yapangozi ndipo ili ndi maola owerengeka. Mukapeza chipinda cha zakulera chatsekedwa, pitani ku matenite. Kumeneko kumakhala namwino usiku womwe, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu. Mukakumana ndi wolankhula mokalipa, funani wina. Manyazi a mphindi zisanu asakubwezeni kunyumba.

Ku famase nakonso amagulitsa. Gulani ku famase yovomerezeka, ya chiphaso cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo yang'anani kuti pakete ndi yomata, dzina la levonorgestrel lalembedwa, ndipo tsiku lothera ntchito silinadutse. Mapiritsi oyalidwa pa thumba pamsika, otentha ndi dzuwa tsiku lonse, asiyeni. Siyaninso zija amauzana atsikana: kumwa Panado wambiri ndi Coca-Cola, tiyi wakuda wowirira, sopo wa ufa, kutsuka kumaliseche, kukodza msanga kapena kudumphadumpha. Palibe chimodzi mwa izi chimaletsa mimba, chifukwa mbewu imakhala italowa kale m'kati pa mphindi zochepa. Panado wambiri amaononga chiwindi ndipo amapha.

Tibwerere ku mfundo ndinaisiya ija. Amuna anu sanabwere kudzagona usiku umodzi. Ngati munakhalanso malo amodzi Lamulungu, kumwa kamodzi lero kukwanira masiku onse awiri. Koma za mawa ndi mkuja mapiritsiwa sateteza. Kumbukirani kuti dzira langochedwetsedwa, likubwerabe, ndipo likhoza kupeza mbewu yatsopano ikudikira. Amayi ambiri amene amati mapiritsi apangozi sanawagwirire ntchito amakhala kuti anatenga pathupi masiku otsatira. Choncho musatuluke m'chipatala ndi mapiritsi okha. Mutamwa levonorgestrel mukhoza kubayitsa jakisoni tsiku lomwelo, kapena kuikitsa ya pamkono, Implanon ya zaka zitatu kapena Jadelle ya zaka zisanu, kapena kuyamba mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Masiku 7 oyamba gwiritsani ntchito kondomu kapena dziletseni, kuti njira yatsopanoyo iyambe kugwira. Lupu yokha ndiyo imateteza kuyambira pomwe yaikidwa.

Nkhani yosiya jakisoni poopa pakamwa pa achibale ndi ya amayi ambiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene amuna awo ali ku Joni, ndipo imandipweteka mtima. Mwamuna wa paulendo sabwera motsata kalendala ya kuchipatala. Amabwera pa maliro, pa Khirisimasi, ntchito ikatha, mapepala akavuta. Mayi amene akupitiriza kulera mwamuna wake kulibe akusamala banja lake, ndipo amene angamunene sadzamulerera anawo. Ngati maso a anthu ndiwo vuto, njira zosaoneka zilipo: lupu, ya pamkono, kapena jakisoni wa Sayana Press, amene namwino akakuphunzitsani mumadzibaya nokha pamimba kapena pantchafu, kunyumba kwanu, miyezi itatu iliyonse. Ngati amuna anu ndi munthu womva, kambani nawo asanabwerere, kuti mawa wina akadzawaimbira foni ndi miseche adzayankhe kuti tinagwirizana. Ngati mukuona kuti kukamba kubweretsa nkhanza, chisankho n'chanu, ndipo namwino ali ndi udindo wosunga chinsinsi.

Kusunga pakete imodzi ya mapiritsi apangozi m'nyumba si kulakwanso, makamaka kwa amene amadalira kondomu. Kumwa kangapo sikuvulaza thupi, koma musawasandutse njira ya mwezi ndi mwezi: amateteza mochepera kuyerekeza ndi jakisoni kapena lupu, amasokoneza msambo mpaka munthu osadziwanso pomwe ali, ndipo ogula amatha ndalama.

Chinanso n'chovuta kuchikamba, koma ndingakhale ndakulakwirani nditachisiya. Mapiritsi ndi lupu zimaletsa mimba yokha, siziteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Sindikunena kuti amuna anu anachita kanthu, monganso iwo sayenera kukuganizirani inu. Koma anthu amene atalikirana nthawi yaitali ndi bwino kuyezetsa limodzi, ndipo tizida todziyeza wekha tikupezeka m'zipatala zambiri. Ngati muli ndi chifukwa chenicheni chodera nkhawa, muuzeni namwino lero lomwe. Mankhwala a PEP, oteteza munthu amene wakhala pa chiopsezo cha HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Malire amenewa alibe kuwonjezera: kwa inu ndi Lachiwiri usiku basi.

Ndikudziwa kuti ena owerenga yankho lino nkhani yawo si ya m'banja. Amene wagwiriridwa, kaya ndi mtsikana wa sukulu kaya mayi wamkulu, athamangire kuchipatala asanasambe ngati n'kotheka, atatenga zovala zomwe anavala. Kumeneko alandira mapiritsi apangozi, PEP ndi mankhwala a matenda ena. Chithandizo chisadikire zokambirana za kwa amfumu kapena za pachibale; za ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, zichitike koma zisadye maola a mankhwala. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi owathandiza. Ndipo wachinyamata amene kondomu yamuphulikira ali ndi ufulu wolandira mapiritsiwa ngati wina aliyense, wokwatiwa kapena ayi.

Mukamwa, lembani tsiku penapake. Msambo wotsatira ukhoza kufulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo, ndipo ena amaona timadontho ta magazi pakati. Zimenezo si kuti mimba yachoka, ndi mankhwala chabe. Ukachedwa kupitirira masiku 7, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, kayezetseni. Ngati mwabayitsa jakisoni kapena kuikitsa ya pamkono, msambo sungakuuzeninso zoona, choncho yezetsani mkodzo pakatha masabata atatu kuchokera tsiku lomaliza limene munagonana mosadziteteza, ngakhale musakumva chilichonse. Mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, makamaka pamodzi ndi kutaya magazi, chizungulire kapena kukomoka, pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa ikhoza kukhala mimba yomera kunja kwa chiberekero. Zikapezeka kuti mwaima ndithu, mapiritsi aja kapena jakisoni sizinamuvulaze mwanayo. Yambani sikelo ya amayi oyembekezera msanga, ndipo wam'manjayo musamuchotse kubere mwadzidzidzi. Kambiranani ndi azamba za kadyedwe kanu ndi kake.